Phiri la chipale ku Lesotho: ndinaliona mu Julayi, ndinalidziwa mu Januwale

Abale ndi anzanga, makamaka inu amene tikukhalira limodzi kuno ku Johannesburg, mwakhala mukundifunsa ngati n'koyenera kuwononga ndalama pa ulendo wa ku Afriski, malo aja a m'mapiri a Maluti ku Lesotho kumene anthu amakatsetsereka pa chipale. Zithunzi zimene ndinaika mu Julayi zinachititsa kuti ena andiimbire foni usiku womwewo, koma za mu Januwale, zojambulidwa pamalo omwewo, zinadutsa popanda wofunsa. Chimenechi ndicho chandichititsa kulemba, chifukwa maganizo anga ndi akuti munthu amene wafika kumeneko nyengo yachisanu yokha waona bwalo la masewera, koma phirilo sanalione.

Ndiyambe ndi njira, pakuti ambiri amaganiza kuti chipale chili kutali, ku Ulaya. Kuchokera ku Johannesburg ndi ulendo wa maola pafupifupi asanu pa galimoto. Mumadutsa m'chigawo cha Free State mpaka ku Fouriesburg, n'kudinditsa pasipoti pa chipata cha Caledonspoort, kenako n'kulowa m'tauni ya Butha-Buthe, dera limene mfumu Moshoeshoe inakhala isanasamukire ku Thaba Bosiu mu 1824. Kuchokera pamenepo msewu wa A1 umayamba kukwera, ndipo pa chitunda cha Moteng umapindika ngati njoka, mwakuti woyendetsa galimoto amasiya kucheza n'kugwira chiwongolero ndi manja onse awiri. Malo otsetserekawo ali pafupi ndi chitunda cha Mahlasela, pamene msewu umafika mamita oposa 3,200 kuchokera pamwamba pa nyanja. Ine ndinakulira m'munsi mwa phiri la Mulanje, ndipo kwathu Sapitwa, ya mamita 3,002, timaitchula motsitsa mawu. Nditazindikira kuti galimoto yandifikitsa pamwamba kuposa Sapitwa, pa msewu wa phula, ndili chikhalire pampando, ndinakhala chete kwa kanthawi.

Za nyengo yachisanu sindizichepetsa ayi, ndipo amene akunena kuti chipale n'chachabe akulankhula asanachigwire. Tinafika madzulo dzuwa likulowa, ndipo kuzizira kumene kunatilandira sikufanana ndi chiperoni cha kwathu. Chiperoni chimanyowetsa, chimalowa m'zovala pang'onopang'ono; kuzizira kwa ku Maluti n'kouma, kumaluma makutu ndi nsonga za zala nthawi yomweyo, ndipo milomo imang'ambika pofika tsiku lachiwiri. Mwana wanga wamkazi anatola chipale m'manja, nachiyang'ana chikusungunuka pakati pa zala, kenako anandifunsa ngati angatengeko pang'ono kukaonetsa agogo ake. Funso limenelo lokha linandibwezera ndalama ya mafuta a galimoto.

Komabe pali chinthu chimene zithunzi sizinena. M'mawa kutacha ndinaona kuti choyeracho chinali mzere umodzi wotsika m'phirimo, wotalika pafupifupi kilomita imodzi, pamene mapiri onse ozungulira anali ofiirira, a udzu wouma wopsa ndi chisanu. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Ku Lesotho, monga kwathu, mvula imagwa nyengo yotentha, ndipo miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti ndi youma. Kuzizira kulipo kokwanira, koma mitambo yoti igwetse chipale imabwera mwa apo ndi apo, motero eni malowo amadalira makina. Usiku, kukazizira mpaka madzi kuundana, makinawo amapopera madzi m'mwamba ngati nkhungu, ndipo timadontho timaundana tisanafike pansi. Phokoso lake limamveka usiku wonse, ndipo kukacha galimoto yapadera imasalaza chipalecho kuti anthu atsetserekepo bwino. Ena akamva zimenezi amakhumudwa, amati anamizidwa. Ine sindikuona bodza pamenepa. Mlimi wothirira m'dimba sitimunena kuti chimanga chake n'chonama chifukwa sichinamwe mvula, ndipo ngakhale malo otchuka a m'mapiri a Alps ku Ulaya masiku ano amagwiritsa ntchito makina otere. Chimene ndikufuna n'chakuti munthu apite akudziwa, asayembekezere dziko lonse loyera ngati la pa kanema, pokhapokha atachita mwayi wofika chipale chenicheni chitangogwa.

Kutsetsereka kwenikweniko ndi ntchito yofuna kudekha. Amakubwereka nsapato zolimba zofika m'miyendo, zimene zimamangirira ku matabwa awiri aatali otchedwa ski, ndipo phunziro loyamba si kuthamanga koma kuima: kusonkhanitsa nsonga za matabwawo kutsogolo, kumbuyo n'kutangadza, kuti liwiro lithe. Pokwera pamwamba pali chingwe choyenda ndi magetsi chimene chimakukoka uli chiimire. Ndinagwa kambirimbiri tsiku loyamba, ndipo chimene chinanditopetsa kwambiri si kugwako koma mpweya. Pa mamita 3,000 mpweya ndi wopepuka, munthu amakoka pafupifupi magawo 7 mwa 10 a umene akanakoka m'mbali mwa nyanja yamchere, choncho ngakhale ife a ku Johannesburg, amene tinazolowera kukhala pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, timapuma mwawefuwefu tikangokwera masitepe ochepa. Mutu umawawa usiku woyamba, tulo sitibwera msanga, ndipo mankhwala ake ndi kumwa madzi ambiri ndi kusapupuluma. Ndionjezere kuti dzuwa la pamwambapo limawotcha ngakhale kukuzizira, ndipo kunyezimira kwa chipale kumapweteka maso, motero magalasi akuda si okongoletsera. Tisanamizane kuti khungu lathu silipsa.

Tinabwerera titakhutira, ndipo ndinkaganiza kuti za Maluti ndathana nazo. Ulendo wachiwiri unabwera chifukwa cha mnzanga wina wothamanga mitunda italiitali amene ankafuna womuperekeza, pakuti othamanga ndi opalasa njinga amapita kumeneko nyengo yotentha kukazoloweza thupi mpweya wochepa. Ndinavomera mopanda chidwi, ndikudzifunsa kuti malo a chipale opanda chipale angandionetse chiyani.

Titatha kukwera Moteng ndinalephera kuwazindikira malowo. Mapiri aja ofiirira anali obiriwira kuyambira pansi mpaka pamwamba, opanda mtengo ngakhale umodzi, udzu wokhawokha ukuweyula ndi mphepo, ngati Nyika koma yokwera ndi yotakata kuposa pamenepo. M'zigwa munali maluwa ofiira ndi achikasu oima ngati miuni, ochuluka mwakuti dambo lonse linkaoneka ngati likuyaka. Mzere uja tinkatsetserekapo unali udzu wamba, zitsulo za chingwe chokokera anthu zitangoima, ndipo anyamata a njinga ankatsika m'tinjira ta m'mbali mwake. Kulikonse kumene ndinaponda kunali madzi. Anali kutuluka m'nthaka yakuda yofewa ngati siponji, kusonkhana m'timifuleni tozizira toyera mbee, n'kumatsika mwakachetechete kupita kuchigwa.

Madzi amenewa ndiwo anasintha maganizo anga, ndipo pano ndikupempha kuti mundimvetsere bwino inu a ku Gauteng, chigawo chimene muli Johannesburg. Mitsinje yoyambira m'madambo a pamwamba amenewa, monga Malibamatšo, imathira m'damu la Katse, limene khoma lake ndi lalitali mamita 185. Damu limeneli linamangidwa potsatira pangano la 1986 la pakati pa Lesotho ndi South Africa, ndipo madzi ake amayenda m'ngalande zoboola pansi pa mapiri, amapukusa makina a magetsi ku Muela, n'kukatulukira pafupi ndi Clarens, kenako amatsika mpaka ku damu la Vaal. Kunena mwachidule, ena mwa madzi amene timaphikira nsima ku Johannesburg, amene timasambitsira ana ndi kuchapira zovala za kuntchito, amayambira pa udzu umene ndinaimapo tsiku limenelo. Ndakhala zaka zambiri ndikutsegula mpopi osadzifunsa kumene madziwo achokera, chonsecho kwathu ndimadziwa bwino kuti Likhubula ndi Ruo zimabadwira m'phiri la Mulanje, ndipo ndimakwiya ndikamva kuti mikungudza ikutha. Mu Julayi zonsezi zinali zobisika, madambo ataundana, ine maso ali pa mapazi anga kuopa kugwa.

Chachiwiri chimene nyengo yotentha inandionetsa ndi eni phiri. Nthawi yachisanu abusa ambiri amatsitsira ziweto kumidzi ya m'munsi, koma udzu ukaphuka amazikwezanso pamwamba n'kumakhala nazo miyezi ingapo m'tinyumba tamiyala tofolera udzu. Tsiku lachiwiri ndikuyenda ndekha ndinamva mabelu a nkhosa, kenako ndinakumana ndi mnyamata wa zaka zosapitirira makumi awiri, atafunda bulangete lochindikala la Chisotho, kumapazi mabuti a mphira, kumutu chipewa chaubweya chobisa nkhope, ndodo m'manja, agalu awiri ali pambuyo. Ndinamupatsa moni ndi mawu ochepa a Chisotho amene ndinaphunzira, ndipo iye anandiyankha mwaulemu, akunditcha ntate, ndiko kuti bambo. Sitinathe kucheza zambiri, koma anandilozera kumadzulo kumene mitambo yakuda inali kusonkhana, nandiuza ndi manja kuti nditsike. Pasanathe ola mvula ya mabingu ndi matalala inagwa, ndipo pamalo opanda mtengo kapena phanga ngati amenewo, mphezi ndi ngozi yeniyeni. Mnyamatayo ankaliwerenga thambo monga mmene asodzi a ku Mangochi amawerengera mwera. Nkhosa ndi mbuzi zimene ankaweta ndizo zimatulutsa ubweya umene dziko la Lesotho limagulitsa kunja, ndipo mabanja ambiri a m'mapirimo amadalira ubweya umenewo pa chakudya ndi sukulu ya ana.

Akuluakulu anati mlendo ndi mame, ndipo pa phiri limenelo ndinaona kuti chipale nachonso ndi mlendo, chimodzimodzi ife amene timachitsatira. Chimakhala miyezi itatu yokha, pamene abusa, udzu ndi madzi zilipo chaka chonse. Ndikaona mmene ena a ife timachitira tikafika, mtima umandipweteka. Timafika Loweruka m'mawa, chakudya ndi zakumwa zonse tagula ku South Africa, timajambulitsa, timaimika galimoto pamsewu kujambula mbusa osamupempha ngati kuti ndi mwala wa m'phiri, ena amaponyera ana maswiti pa windo galimoto ikuyenda, ndipo Lamlungu tabwerera osasiya ngakhale loti imodzi, ndalama ya ku Lesotho, m'manja mwa Msotho wa m'mudzi. Ife Amalawi khalidwe limeneli tiyenera kulidziwa msanga kuposa wina aliyense, chifukwa tinaliona kwathu: alendo odutsa pa Chitakale kapena ku Cape Maclear, kujambula amayi osenza nkhuni popanda ndi moni womwe. Zimene zinkatiwawa kwathu tisakazichite kwa eni ake a Maluti. Randi imagwira ntchito ku Lesotho mofanana ndi loti, choncho palibe chotiletsa kuima ku Butha-Buthe n'kugula chimanga chootcha, mapichesi nyengo yake, chipewa chaudzu kapena bulangete.

Wina anganene kuti malo a masewera otere ndi a anthu olemera ndipo amawononga chilengedwe, pakuti makina a chipale amafuna madzi ndi magetsi. Mfundoyi ili ndi mutu, ndipo zoona zake n'zakuti ulendo wa nyengo yachisanu si wotchipa: malo ogona, kubwereka zipangizo, tikiti ya chingwe ndi mphunzitsi zonse n'zolipira, ndipo nthawi ya tchuti cha sukulu malo amadzaza msanga. Koma ndinaonanso achinyamata Achisotho akugwira ntchito kumeneko, ena akuphunzitsa alendo kutsetsereka mwaluso lodabwitsa, m'dera limene ntchito zolembedwa n'zosowa. Nkhawa yanga ili pa miyezi isanu ndi inayi yotsalayo. Malo odalira chipale chokha ali ngati mlimi wa mbewu imodzi, ndipo nyengo yachisanu ikafunda kuposa masiku onse, ngakhale makina sangathandize, chifukwa sapanga chipale popanda kuzizira. Mlendo wa mu Januwale, wobwera kudzayenda pansi, kupalasa njinga kapena kukwera kavalo wa Chisotho, ndiye amene angathandize kuti ntchito za anthu amenewa zisathe pamodzi ndi chisanu. Ulendo wake ndi wopepukanso m'thumba, popeza safunika kubwereka ski kapena kulipira mphunzitsi, ndipo msewu sukhala woterera ndi madzi oundana monga umachitira m'mawa wa mu Julayi.

Kwa amene mwandifunsa, yankho langa ndi lakuti pitani mu Julayi, tengani ana akagwire chipale ndi manja awo, nyamulani zovala zambiri zopyapyala zovala mophatikiza m'malo mwa chijasi chimodzi, ndipo potsika Moteng gwiritsani ntchito giya yaing'ono kuti mabuleki asapse. Koma musalembe kuti mwafika ku Maluti mpaka mutabwereranso udzu uli wobiriwira, mutanyamuka m'mamawa mitambo isanasonkhane, jekete ya mvula ili m'chikwama. Mwana wanga uja anafuna kutengera agogo ake chipale ndamulonjeza kuti tipitanso mu Febuluwale, ndipo ndikufuna ndikamuimike pa dambo lija, atunge madzi ndi manja pamene akutuluka m'nthaka, ndimuuze kuti ndi omwe aja amamwa pa mpopi wa kunyumba.