Chipolopolo sichifunsa kuti umapemphera kuti

Ndakhala ndikudzigwira kuyambira Lachisanu, koma mtima wakana. Ndilankhulepo basi.

Mwana wa achemwali anga akufuna usilikali. Amadzuka 4 koloko m'mawa, kuthamanga kuchokera ku Chinamwali mpaka kukwera msewu wa Ku Chawe, kubwerako thukuta lili kamukamu, nsapato yobooka chala chili panja. Lachisanu atatuluka kumzikiti ndinapita naye pa kashopu kena m'tauni kukapanga fotokope satifiketi yake ya MSCE ndi chitupa cha unzika, kuti akadzalengeza zolemba asilikali adzakhale wokonzeka. Pamzerepo panali bambo wina wa tayi. Anasuzumira pepala, kuwerenga dzina, kuyang'ana kachipewa koyera kumutu kwa mwanayo, n'kuseka. Akuti, "Iwe, ndi dzina limeneli ukufuna kulowa kubaraki? Usilikali si wa anthu akwanu. Pita uzikagulitsa matemba ku Kachulu."

Mwana anangozyolika, n'kuvula kachipewa kaja kuika m'thumba. Tili panja ndi pomwe anandifunsa chapansipansi kuti, "Amalume, kodi n'zoona?" Funso limeneli ndi lomwe landisowetsa tulo.

Bambo inu, ngati mukuwerenga, mvetserani. Usilikali wa dziko lino si munda wa agogo anu. Si wa mpingo wanu, si wa mtundu wanu, si wa chigawo chanu. Ndi wa Mmalawi aliyense amene ali ndi thupi lolimba, mapepala oyenera ndi mtima wofera dziko lake. Kaya ndi Myao wa ku Malosa, Mlomwe wa ku Jali, Mtumbuka, Msena, kaya Mmwenye wobadwira ku Limbe, yunifolomu ndi imodzi. Ine ndine wa CCAP, mlamu wanga ndi Msilamu, timadyera mbale imodzi. Ndiye inu ndinu ndani woti mutigawe?

Chomwe chikundinyansa kwambiri n'choti mukulankhula zimenezi mu Zomba muno. Mu Zomba! Kwerani njinga ya kabaza mupite pa chipilala cha asilikali a King's African Rifles (KAR), pafupi ndi Cobbe Barracks, mukawerenge mayina a anthu omwe anafa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Kuyambira pomwe gulu la King's African Rifles linakhazikitsidwa mu 1902, Ayao ankalembedwa usilikali mwaunyinji. Anatha nsapato kunkhondo agogo a mwana yemwe mukumunyozayu. Masiku amenewo atsamunda ankati munthu wakuda sangakhale ofesala, maudindo akuluakulu anali a azungu okhaokha. Tinalira nazo, tinazithetsa. Lero inu mwatola tsankho lomwelo, mwangolisintha malaya, mukulozetsa kwa mbale wanu.

Chipolopolo sichifunsa kuti umapemphera Lachisanu, Loweruka kapena Lamulungu. Mu November 2018, kufupi ndi Beni m'dziko la DRC, Private Chancy Chitete, msilikali wa ku Malawi yemwe ankasungitsa mtendere pansi pa United Nations, anaona msilikali wa ku Tanzania, Corporal Ali Khamis Omary, atavulala zipolopolo zili mbwee. Sanaime kuti afunse dzina kapena mpingo. Anamukokera pobisika, n'kuyamba kumuthandiza, ndipo iye mwini anaomberedwa n'kufa. Omary anapulumuka. Mu 2019 bungwe la United Nations linapereka kwa banja la Chitete mendulo ya Captain Mbaye Diagne, ndipo Diagne ameneyo anali Msilamu wa ku Senegal yemwe anafa mu 1994 akupulumutsa anthu ku Rwanda. Mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako.

Nanga pa namondwe wa Freddy mu 2023, asilikali akufukula anthu m'matope, alipo anakana dzanja lomukoka chifukwa mwini dzanjalo amasala Ramadan? Madzi akakufika m'khosi sufunsa zimenezo. Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa kusala munthu chifukwa cha mtundu, khungu, chilankhulo kapena chipembedzo. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Amalawi pafupifupi 14 mwa 100 aliwonse ndi Asilamu. Onsewa amadula msonkho womwe umagula mfuti ndi majombo. Msonkho wawo ndi wabwino, koma ana awo ayi? Manyazi bwanji!

Andale ndi omwe anatidyetsa chiphe chimenechi posaka mavoti, koma imeneyo ndi ya tsiku lina. Ine changa n'chimodzi: musamaphe mtima wa mwana wa eni ndi pakamwa panu.

Komanso inu akamberembere amene mumazungulira m'makwalalamu nthawi yolemba asilikali, kunamiza makolo kuti muli ndi bwana wanu kubaraki, angopereka kangachepe dzina lituluka. Wina wafika kale kwa achemwali anga, akuti agulitse mbuzi ziwiri chifukwa "dzina lotereli limafuna womukankha." Mbuzi zimenezo n'za fizi ya ana ang'onoang'ono. Akadzabweranso adzapeza ine pakhonde.