Inu otera pa Chileka, ulendo sunathe ayi

Ana anga a kuno ku Thyolo ndi ku Mulanje, makamaka inu muli ku Joni amene mwayamba kubwera pa ndege masiku ano, khalani pansi mumve, ndipo abale anu amene amakakuchingamirani amvenso chifukwa nkhaniyi ndi ya nonse. Zimene mukuchita mukangotsika pa Chileka sizikundisangalatsa ngakhale pang'ono. Munthu wagwira ntchito yakalavulagaga m'dziko la eni chaka chonse, kugona mothithikana, kudzimana ngakhale kanyama, ndiye thukuta lonselo akalitaye pa msewu wa pakati pa eyapoti ndi khomo la mayi ake chifukwa cha matama ndi phuma basi? Ayi, ife akuluakulu sitingaone zimenezi n'kungokhala chete.

Vuto lanu ndi loti ndege ikangogunda pansi mumati mwafika. Simunafike. Kuchoka ku Johannesburg kudzatera pa Chileka ndi maola awiri ndi pang'ono chabe, mutakhala pa mpando wofewa, wina akukupatsani tiyi, koma pamenepo m'pamene ulendo weniweni wayambira. Kuchoka pa eyapoti kulowa m'tauni ya Blantyre ndi makilomita pafupifupi 16, mudutse pa Kameza, ku Chirimba uko, mufike m'tauni, kenako mupeze galimoto ina ya ku Limbe, ku Limbe mukwerenso ina ya ku Thyolo yodzera pa Chigumula ndi pa Bvumbwe kapena ya ku Mulanje yodzera msewu wa Midima, ndiye wa ku Thekerani kapena ku Muloza ulendo wake ukadalipo wautali. Galimoto zitatu kapena zinayi, kutsitsa katundu ndi kukweza, kutsitsa ndi kukweza, ndipo paliponse mwatsitsa pali maso amene akuwerenga zikwama zanu. Koma inu mukutsika ndege foni ilibe moto, simu ikadali ya ku Joni, m'thumba mulibe ngakhale 1,000 kwacha, simunauze munthu woti akudikireni. Mumaganiza kuti zikhala bwanji kodi?

Ndiye pakhomo potulukira paja akubwera mnyamata akuzunguza makiyi pa chala, akumwetulira, "bwana tiyeni, galimoto ili apa", asanamalize n'komwe wagwira kale sutikesi, inu m'mbuyo pambuyo pake ngati nkhosa, osafunsa dzina, osafunsa mtengo, osayang'ana nambala ya galimoto, mwangosangalala poti wakutchulani bwana. Amatakisi ambiri a pa Chileka ndi anthu abwino, akufuna ya ufa monga tonsefe, amenewo sindikuwanena ayi. Ndikunena inuyo amene simusiyanitsa takisi yodziwika pamalopo ndi galimoto ya munthu wongodutsa. Galimoto yololedwa kunyamula anthu imakhala ndi nambala yofiira, zimenezi ngakhale mwana wa sukulu amazidziwa. Mtengo mugwirizane katundu akadali m'manja mwanu, munene kuti mukutsikira pati, ku Wenela, ku Limbe depoti kapena mpaka kumudzi, ndipo munene kuti ndi makwacha, chifukwa katundu akangolowa m'buti ndiye mphamvu zanu zatha, mukafika wina adzati ine ndimanena ma randi, mudzakangana ndi ndani pa msewu? Jambulani nambala ya galimotoyo mutumize kwa achimwene anu kapena achemwali anu dalaivala akuona, wachilungamo sakwiya nazo zimenezo. Akakwiya, tsikani. Ndipo mukaona akuima panjira kuti atengeko anzake awiri amene inu simukuwadziwa mu galimoto imene mwapanga hayala nokha, kanani pomwepo pali anthu, musadikire mufike pa malo a zii.

Mwana wina wa m'mudzi mwathu muno, sinditchula dzina poti makolo ake ndi anzanga, anabwera ndi zikwama ziwiri zikuluzikulu ndi kachikwama ka m'manja momwe munali pasipoti, foni ziwiri ndi ndalama zoti adzafolerere nyumba ya mayi ake. Pa eyapoti anadutsa bwinobwino, m'tauni anafika bwinobwino. Ku Limbe oitanira atamuunjirira, uyu wakoka chikwama uku, uyu wakoka china uko, iye n'kuika kachikwama kaja pa mpando wa minibasi kuti asunge malo, n'kutsika kukaona ngati zikuluzikulu zija zamangidwa bwino kumbuyo. Pobwerera anapeza mpando uli mbee. Anafika kumudzi ndi mabulangete ndi mapoto, nyumba ija mpaka lero ndi yaudzu, ndipo kubwerera ku ntchito kunavuta poti pasipoti inapita. Mayi ake analira ngati pagwa maliro, ine ndinali pomwepo. Kachikwama ka mapepala ndi ndalama sikachoka pathupi, kaya mukukodza kaya mukutani, kazikhala pamimba, ndipo ndalama musaike malo amodzi.

Za kusintha ndalama ndinene mwachidule. Kuima pa msewu n'kutulutsa mpukutu wa ma randi kuti mavenda akupatseni mtengo wabwino ndi kudziitanira akuba, komanso ndi mlandu, apolisi akakupezani musadzati sitinanene. Mabanki alipo, ma bureau alipo, Airtel Money ndi Mpamba zilipo mpaka kumudzi kuno, tumizani ndalama zitsogole inu muziyenda wopepuka.

Tsopano ndibwere kwa inu a Facebook. Munthu akadali ku OR Tambo wajambula kale tikiti, dzina, tsiku, nthawi yofika zonse poyera, "Malawi ndikubwera", atatera wajambulanso ataima pa masutikesi atavala tcheni m'khosi. Mukuuza ndani? Anzanu 3,000 a pa foniwo mumawadziwa onse? Mwauza dziko lonse kuti lero madzulo pa msewu wakutiwakuti padutsa munthu wonyamula katundu, ndiponso kuti usiku uno m'nyumba ya agogo akutiakuti mugona ndalama. Inu mukabwerera ku Joni amene atsale akugona ndi mantha ndi nkhalamba zija. Zithunzizo sizithawa, mudzaika mutafika, mutadya nsima, mutagona.

Koma amene mumandikwiyitsa kwambiri ndi inu ochingamira. Mwana mmodzi akubwera, mudzi wonse wakwera pikapu, amalume, azakhali, apongozi, ana a pamsana, ena akhala m'mphepete mwa bodi miyendo ili lendelende, ati tikaone ndege. Pobwerera anthu omwewo, kuwonjezapo masutikesi, mwina ndi TV, ndiye poti mlendo wabwera ndi ndalama muima pa Kameza botolo limodzi, ku Limbe awiri, pa Bvumbwe ena, dalaivala nayenso akulandira nawo inu mukuombera m'manja. Msewu wa ku Thyolo mumaudziwa inu, si wosewera nawo. Mukangopitirira pa Bvumbwe kulowa m'minda ya tiyi ndi makona okhaokha, zitunda ndi zitsetse, ndipo nthawi ya chiperoni miyezi ya June ndi July nkhungu imatsika mpaka osaona ngakhale mamita ochepa kutsogolo, m'mbali muli anthu oyenda pansi ochokera ku ntchito ku esiteti, njinga zopanda nyali zitasenza nthochi ndi makala, mathirakitala, malole. Dalaivala wa maso ofiira ndi mowa adzaziona nthawi yanji zonsezi? Kukatenga munthu pa Chileka anthu awiri akwana, ndipo woyendetsa asalawe kanthu mpaka galimoto itazima pakhomo. Ofuna kuona ndege mudzapite tsiku lina masana opanda katundu, palibe akuletsani.

Enanso ndi awa ofuna kupulumutsa ndalama pa malo olakwika. Tikiti ya ndege wagula ya ndalama zankhaninkhani, koma ya takisi akuti yakwera, ndiye akukwera kabaza wa njinga yamoto, sutikesi ya makilogalamu 23 ili pamiyendo, chikwama china kumsana, chisoti palibe, msewu wa ku Chileka uja ndi mmene umadzadzira magalimoto madzulo. Sutikesi ikangopendama pang'ono nonse awiri muli pansi. Ngati ndalama yachepa zoona, minibasi za ku Chileka zilipo, tulukani kumsewu mukwere, mulipirire katundu mpando wake muzimuona ndi maso, palibe manyazi pamenepo.

Azibambo athu ankateranso pa Chileka pomwepo pochokera ku migodi nthawi ya Wenela, mpaka ngozi ya ndege ya ku Francistown ija mu 1974 imene inapha a Malawi ambiri, Kamuzu n'kuletsa ulendowo. Anthu amenewo analibe foni, analibe Mpamba, koma ankayenda m'magulu, a dera limodzi pamodzi, ndalama atasokerera m'zovala, ndipo dzuwa likapendeka ankagona panjira kudikira kuche. Inu ndege ikachedwa n'kutera madzulo mukulimbikira kuti lero lomwe ndikagone kwathu, kufika pa Luchenza kapena pa Chitakale usiku, minibasi zatha, n'kuyamba kusaka njinga yoti ikulowetseni m'njira za fumbi za m'tiyi mumdima muli ndi katundu yense uja. Kuthamanga sikufika, ana inu. Palibe wa kuno amene alibe m'bale ku Ndirande, ku Bangwe, ku Machinjiri kapena ku Chilomoni, muimbireni kukadali masiku, mugone kumeneko, m'mawa mukwere ya 6 koloko, pofika 9 muli pakhomo anthu akukuonani. Ngati m'bale palibe, ma resitihausi ali mbwee m'tauni, ndalama ya usiku umodzi siingafanane ndi zimene mwanyamulazo.

Ndipo inu atsikana oyenda nokha, amene akudzakutengani akhale munthu amene mukumudziwa nkhope, osati wongolankhulana naye pa WhatsApp. Akakuuzani kuti ine ndatanganidwa ndatuma mnzanga, imbani kaye kwa amene anamutumayo, atchule dzina ndi nambala ya galimoto, zikapanda kugwirizana bwererani mkati mwa eyapoti momwe muli apolisi mukhale pansi mudikire. Mwezi wa December mumabwera ambiri, amene muli ndi ana kunjako atumizireni uthengawu asanagule tikiti.