Alamu, buku la zithunzi si chidole

Ndakwiya zedi. Dzulo alamu anga anamulanda mwana wanga buku m'manja, ati mtsikana wa Fomu 2 sangamataye nthawi ndi "zidole". Bukulo ndi nkhani yopeka ya anthu ndi maloboti, ndinachita kumugulira kwa mavenda ogulitsa mabuku akale ku Limbe. Alamuwo sanawerenge ngakhale tsamba limodzi. Anangoona zithunzi, basi mlandu watha.

Kodi zithunzi zinalakwa chiyani? Buku silikhala la ana chifukwa choti muli zojambula. Mwanayu anakhala nalo masiku atatu osalisiya, nsima ikuzizira pa mbale, mpaka kundifunsa kuti "Amayi, loboti ikamagwira ntchito osalipidwa, ndi kapolo kapena ndi khasu?" Funso limeneli ndi la chidole? Inu alamu munayamba mwadzifunsapo zotere?

Safunsa anadya phula. Mukanafunsa, mukanadziwa kuti ngakhale mawu akuti loboti si a masewera. Ife timangodziwa maloboti a pamsewu, ofiira ndi obiriwira aja, koma mawuwa anatchuka ndi sewero la mu 1920 la Karel Čapek, mlembi wa ku Czechoslovakia, ndipo anachokera ku "robota", kutanthauza ntchito yokakamiza imene alimi ankagwirira eni minda. Thangata weniweni! Yemwe uja anawawitsa mitima ya anthu ku Magomero mpaka John Chilembwe kuukira mu 1915. M'seweromo namonso maloboti amatopa n'kuukira anthu. Ndiye mwana akuwerenga nkhani ya thangata wa mawa, inu mukuti zidole.

Ku Japan azibambo a masuti amawerenga manga, mabuku awo a nkhani za zithunzi, m'sitima popita ku ntchito, palibe amawaseka. Kuno munthu akagwira buku lojambula, ati ubongo wake sunakhwime. Mwina n'chifukwa choti zithunzi tinazisiyira ku Sitandade 2, kaya. Koma kujambula nkhope ya makina kuti owerenga aimvere chisoni ndi luso, si masanje ayi. Tsamba limodzi lopanda mawu, loboti itangokhala pafupi ndi manda a mwini wake, mwanayu analiyang'ana mpaka misozi kulengeza. Buku la mawu okhaokha limene inu mumalitama lija, ndi liti linakulizanipo?

Chondinyansa kwambiri n'chakuti alamu omwewa ana awo amagonera pa foni, mavidiyo a TikTok usiku wonse, iwo chete. Wogwira buku ndiye wolakwa. Ndipo tikamadandaula kuti ana a masiku ano sawerenga, tizinena zoona, timawalanda tokha.

Komanso mabuku oterewa m'Chichewa ali kuti? Ojambula tili nawo, taonani zimene amajambula pa makoma a magolosale ndi mabala. Mwana achite kuvutika ndi dikishonale kuti amve loboti ikulankhula Chingerezi.

Bukulo mubweze lero, alamu. Ndinagula ndi ndalama zanga.