Miyala sinamuphe Burry, inamupha ndi minibasi

Ndakwiya ndipo sindibisa ayi. M'mawa uno ndakwera minibasi kupita kuntchito kuno ku Durban, ndinakhala kutsogolo, pampando uja womwe umakusandutsa kondakitala wosalipidwa, kumawerengera anthu chenji. Patsogolo pathu panali mnyamata pa njinga, chipewa chake kumutu, akupalasa bwinobwino m'mphepete mwa msewu. Dalaivala kungoona munthu wakweza chala, basi mutu wasokonekera. Wamupitirira mnyamatayo n'kukhota pamaso pake penipeni, mabuleki gwa! Mwana wa eni ake khu, m'ngalande. Dalaivala kuseka. Akuti akaseweretse njinga yakeyo kwawo, msewu ndi wa anthu ofuna ndalama.

Akaseweretse? Njinga ndi chidole?

Munthu ameneyu akuyendetsa galimoto mu KwaZulu-Natal momwemuno koma zikuoneka kuti dzina la Burry Stander silinamufike m'khutu. Burry anabadwira ku Port Shepstone mu 1987, kumwera kwa Durban kuno. Njinga inali ntchito yake, khasu lake. Ndipo si njinga ya pamsewu wa tala ayi, koma ija ya m'mapiri, yomwe amazungulira m'tchire kwa ola limodzi ndi theka, kukwera zitunda zoti wapansi ungakwawe, kutsetsereka pamiyala ndi pamizu ya mitengo, matope mpaka m'maso. Malo oti iwe ndi ine tingatsike n'kuikankha njingayo, iye amadutsa ali chiimire pamapedulo.

Mu 2009 ku Canberra, dziko la Australia, anakhala katswiri wa dziko lonse kwa anyamata osakwana zaka 23. Mu 2011 iye ndi mnzake Christoph Sauser wa ku Switzerland anapambana Cape Epic, mpikisano wa masiku 8 wopalasa awiriawiri m'mapiri a ku Western Cape, ndipo Burry ndiye anali munthu woyamba wa ku South Africa kuupambana. Chaka chotsatira anabwerezanso, kuti anthu asati inali mphumi. Ku Olympics anapita kawiri, Beijing 2008 ndi London 2012. Ku London anamaliza pa nambala 5, mendulo inamupulumuka ndi masekondi owerengeka chabe.

Ndiye mverani. Munthu amene mapiri anamulephera, miyala inamulephera, maphompho anamulephera, anafera pamsewu wosalala wa tala. Pa 3 Januwale 2013, ku Shelly Beach, pafupi ndi kwawo, akuchita masewera olimbitsa thupi pa njinga yake, minibasi inakhota kutsogolo kwake n'kumugunda. Zaka 25 zokha. Khothi linamupeza wolakwa dalaivalayo, koma khothi limadzutsa maliro?

Sanafere ku Canberra. Sanafere m'mapiri a Cape Epic. Anafera pakhomo, chifukwa wina anaona kuti kudikira masekondi awiri n'kutaya nthawi. Zimene ndaona m'mawa uno ndi zomwezo ndendende, kukhota komweko, mwano womwewo, kungoti mnyamata wa lero wadzuka, wasasa fumbi, magazi ali chuchuchu pachigongono, n'kuyamba kuwongola mahandulo.

Ndikudziwa, wina alemba pansipa kuti madalaivala amapanikizika, mwini galimoto amafuna ndalama yake madzulo. Tamva. Ndiye ndalama ya bwana ikwanire ndi mwendo wa munthu?

Wokwera njinga ndi munthu. Ali ndi amayi ake. Msewu suli wa galimoto zokha, ndipo kukula kwa galimoto si chilolezo chopondera anzako. Taonani Alan Hatherly, mwana wa chigawo chomwechi: mu 2024 anatenga mendulo ya bulonzi ku Olympics ku Paris, mendulo ija inamuphonya Burry, ndipo chaka chomwecho ku Andorra anakhala katswiri wa dziko lonse. Tsiku limenelo aliyense anali kuwomba m'manja, mwina ndi dalaivala wathuyu yemwe. Koma mukuganiza kuti akatswiri amenewa amagwa kumwamba ngati mvula? Amayamba ngati mnyamata wa lero uja, m'mphepete mwa msewu, m'mamawa, wopanda womudziwa. Mukamugwetsa lero, mawa mudzaombera m'manja ndani?

Chimene chandiwawa kwambiri ndi ife okwera. Minibasi yodzaza, anthu akuluakulu, koma zii ngati tili pamaliro. Mayi wina kumbuyo anangoti adalaivala fulumirani tachedwa. Inenso ndinangong'ung'udza pang'ono n'kupitiriza kuwerenga chenji, manyazi andigwira mpaka pano. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ambiri a ife kuno tili ndi abale omwe amapalasa njinga kupita kumaganyu usiku usanathe.

Ndipo musati ndikunyoza eni dziko, kwathu n'chimodzimodzi kapena kuposa. Wakabaza wanyamula mayi ndi mwana kumsana, galimoto ikubwera kumbuyo hutala ili piii, osachepetsa liwiro ngakhale pang'ono, iye ndiye athawire kutchire. Akagundidwa mumva akuti akabaza ndi osamva. Msewu wake m'mbali munadyeka kalekale, tala anatha, kwatsala mano okhaokha, ndiye mukufuna apalase pati, m'mwamba?