Nanga Brown kunkhalangoko amakatani?

Anthu akamakamba kankhani ka mlembi wa ku America Nathaniel Hawthorne kaja, Young Goodman Brown, ka 1835, amangothamangira kuti eee opemphera ndi achinyengo, madikoni ndi afiti. Ine penapake pamandivuta.

Amene simunawerenge, nkhani yake ndi ya mnyamata wotchedwa Brown, wa ku Salem ku America nthawi ya ma Puritan (Akhristu okhwimitsa malamulo ochokera ku England), akutsanzika mkazi wake Faith dzuwa likulowa nkupita kunkhalango kukakumana ndi mdyerekezi. Kumeneko akupezako gogo amene anamuphunzitsa katekisimu ali mwana, abusa, a dikoni Gookin, mudzi onse uli pamsonkhano wa usiku, mpaka kaliboni kapinki ka mkazi wake kakugwa kuchokera kumwamba nkukodwa pa nthambi. Kaya anali maloto kaya zenizeni, Hawthorne sanena. Koma kuyambira tsiku limenelo mkuluyu sakhulupiriranso munthu, nyimbo za m'tchalitchi zimamuwawa m'makutu, mkazi wake yemwe amamukayikira, mpaka anafa ali ndwii.

Tsono funso langa, iyeyo kunkhalangoko amakatani? Palibetu anamukoka. Ananyamuka ndi miyendo yake, mkazi akumuchonderera kuti usiku umenewo agone pakhomo. Ma Puritan ankatsatira ziphunzitso za m'busa John Calvin, zoti tonse timabadwa nalo tchimo la Adamu, zomwezija ife okulira mu CCAP tinaloweza ku kalasi. Akati tonse ndiye kuti ndi iwe yemwe. Koma Brown chiphunzitsocho anachisandutsa tochi younikira anzake basi, yekha ayi, ngati kunkhalango anangopita kukaonerera.

Ndipo Hawthorne izi sankazimvera kwa anthu, zinali za pamtundu pake. Agogo awo a agogo ake, John Hathorne, anali mmodzi mwa oweruza milandu ya ufiti ku Salem mu 1692. Anthu 19 ananyongedwa, ndipo nkhalamba ina, Giles Corey, anachita kuisanjikiza miyala pachifuwa mpaka kufa chifukwa inakana kuyankha mlandu. Oweruza amenewo za tchimo lobadwa nalo ankazidziwa bwino kuposa ine ndi inu, koma pokalifunafuna ankalowera kunyumba za eni ake.

Nchifukwa chake ndikamva kuti kwinakwake kuno kwathu agogo awagenda ati ndi mfiti, Faith ndi kaliboni kake sindimuganiza nkomwe, ndimaganiza za Brown m'mawa uja akubwera kuchokera kutchire, nkukoka kamwana kuchoka m'manja mwa gogo wa katekisimu ngati iyeyo wagona kunyumba.