Kuzimitsa jini osaidula, izi ndiye tikufuna pa TB

Zikomo alembi, nkhani iyi yandikhudza maningi, makamaka pomwe mwati asayansi manje atha kuzimitsa jini (kachigawo ka DNA kosunga uthenga wopangira puloteni) imodzi ya bakiteriya wa TB osaidula, ndi njira yotchedwa CRISPRi. Ena apa akuisokoneza ndi CRISPR, njira ija yodula DNA ya a Doudna ndi a Charpentier omwe analandira Nobel mu 2020, koma CRISPRi ndi yosiyana pang'ono. Cas9 yake, puloteni yomwe imadula DNA mu CRISPR, anaichotsa mano, siidula DNA, imangokakhala pa jini ija basi, uthenga sukopedwanso ndiye puloteni siipangika. Ubwino wake ndi uwu, pali majini ena ukawachotseratu bakiteriya amafa pomwepo sungaphunzirepo kanthu, koma apa mu labu amathira mankhwala otchedwa anhydrotetracycline kuti ayatse CRISPRi, jini nkutsika mphamvu, kenako amaona kuti ndi iti yomwe ikangochepa chabe kachilombo kagonja, pamenepo ndi pomwe mankhwala atsopano angamenye.

Ine ndinadwazika achimwene anga odwala TB ku Kanyama mu Lusaka, miyezi 6 mapiritsi tsiku ndi tsiku, mkodzo kufiira chifukwa cha mankhwala a TB otchedwa rifampicin, chakudya osachifuna. Rifampicin yemweyo amagwira puloteni yochokera ku jini ya rpoB, ndipo GeneXpert, mashini yopimira TB ku kiliniki, imayang'ana jini yomweyo, ikasintha ndiye kuti mankhwalawo sagwiranso ndipo wodwala ayamba ulendo wina wowawa. Chonde a ku yunivesite ya UNZA ndi a ku chipatala cha UTH, ana athu a sayansi aphunzitsidwe zida zimenezi konkuno, aziyesa pa TB yomwe ikuzungulira mu makomboni mwathu muno.