Njerwa zanga, mabuloko a mlamu ku Chipata ndi mtengo wa mango wa ku Ulongwe

Mwezi wathawu ndinali ku Chipata ku ukwati wa mwana wa mlamu wanga, koma kunena zoona nthawi yambiri ndinathera kuseri kwa nyumba, kuzungulirazungulira kashedi kamene mkuluyu wamanga, mpaka mayi akunyumba anachita kudzandikoka kuti bambo inu mwabwerera ukwati kapena mwabwerera khoma. Ine ndi mlamuyu matenda athu ndi amodzi, tonse tili ndi ntchito zathu zamasana koma likafika Loweruka manja amayabwa, timafuna tikhomekhome kanthu. Ndiye ndinkafuna ndione kuti iye wachita bwanji poyerekeza ndi kanga ka kuno ku Lilongwe.

Kanga ndinamanga 2021, mmene timachitira ife. Ndinaitana anyamata awiri aganyu, tinakumba pakona pa poloti, kuponda dothi, chikombole chathabwa, njerwa 4,000 mwezi wa June ndi July, kenako uvuni mu September. Nkhuni zokha zinandidyera ndalama kuposa anyamata aja, ndipo usiku wootcha sindinagone, kumangosonkhezera utsi uli m'maso. Pophwasula uvuni njerwa zakunja zinatuluka zosapsa, ukaigogoda m'malo molira kuti ngwee imangoti phu. Ndinamangira matope, simenti ndinangopaka pansi basi. Ndiye panatsala dzenje lija, dzinja loyamba linadzadza madzi, achule ndi udzudzu kuchita msonkhano, mpaka ndinayamba kutayamo zinyalala n'kubzalamo nthochi. Pano nthochizo zikubereka bwino, koma sindinganame kuti inali pulani.

Mlamu nditamufotokozera anaseka, akuti "amulamu, mukali kuocha njerwa?" Iye ali ndi chikombole chachitsulo cha mabuloko, akalandira pamwezi amagula thumba limodzi kapena awiri a simenti, mchenga anathiritsa kale mulu pageti, Loweruka m'mawa iye ndi mwana wake amaumba mabuloko pafupifupi 30 pathumba, n'kumawathirira madzi m'mawa ndi madzulo sabata yathunthu. Akauma amawasanja m'mbali mwa mpanda. Palibe dzenje, palibe nkhuni, palibe kudikira chilimwe, ndipo chimene chinandipweteka mtima kwambiri n'choti khoma lake linakwera masiku atatu okha chifukwa buloko imodzi imatseka malo a njerwa zingapo.

Tisathamangire kunena kuti anzathuwa ndi ochenjera kuposa ife ayi. Kwawoko simenti ndi yawo kuyambira kale. Fakitale ya Chilanga kufupi ndi Lusaka inayamba 1949, Dangote anadzatsegula yake cha ku Ndola 2015, moti amapanga yambiri mpaka kugulitsa kunja, ndipo kunjako ndi ife tomwe. Mukaima pa Mwami muona mathiraki a simenti ali pamzere kulowera ku Mchinji. Ife tili nawo mafakitale, Shayona ku Kasungu, ina ku Njereza ku Mangochi, koma thumba likamafika m'manja mwa munthu wamba limakhala litalemera mtengo, ndiye kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 zinangofika poti ukagula thumba limodzi umaliyang'ana ngati mwana wakhanda. Pamene dothi lili pompo pakhomo, laulere. Boma linaletsa njerwa zootcha pa zomanga zaboma ndi zamabizinesi mu 2018 pofuna kuteteza mitengo, koma pakhomo pa munthu uvuni ukufukabe, ndipo ine sindingamuloze chala chifukwa nanenso ndinaotcha. Kungoti nkhuni zomwe zija zikusowa, amene anaotchapo posachedwa akudziwa mtengo wa ngolo imodzi.

Mkati mwa shedi ndi mmene tinasiyana kwambiri. Benchi ya mlamu ndi yachitsulo, anaotcherera yekha, pakhoma wapachika girayinda, dirilo, kamakina kowotcherera, zonse zamagetsi. A ku Zambia chitsulo amachikonda, amene anadutsapo mumsewu wa Alick Nkhata pa Kalingalinga ku Lusaka waona mageti ndi mafelemu a mawindo ali ndandanda m'mbali mwa msewu. Ine benchi yanga ndi yabulugamu, miyendo ndinaipaka oyilo wakutha wagalimoto kuopa chiswe, zida zanga ndi sowo, hamala, tchizulo ziwiri ndi puleni imene anandisiyira malemu bambo, chogwirira chake chinachita kusalala ndi thukuta lawo. Ndinkachita manyazi pang'ono, mpaka mlamu anaulula yekha kuti mu 2024 madzi atatsika ku Kariba magetsi ankabwera mwina maola atatu patsiku, nthawi zina pakati pausiku, zida zake zonse zija zinangokhala zokongoletsa khoma, anachita kukabwereka sowo yamanja kwa mdala wina woyandikana naye kkkk. Ndinamuuza kuti ife sukulu imeneyo tinalowa 2022 namondwe Ana atagumula damu la Kapichira, ndiye amene anataya puleni ya bambo ake analira.

Pa zakudimba ndiye pepani amulamu, apa tinakupambanani. Iye bwalo lonse anayala mapeva kuyambira pageti mpaka kukhitchini, kukongola inde, matope kulibe, koma masana kumatentha ngati chiwaya ndipo mvula ikagwa madzi onse amathamangira kumsewu. Mkazi wake, amene ndi mchemwali wa mayi akunyumba, repu wake akubzala m'matumba a simenti akutha ndi m'matayala, wandandalika m'mphepete mwa khoma ngati ana opatsidwa chibalo. Kwanga kuseri kuli mabedi anayi, mpiru, tchayinizi, anyezi ndi tomato, manyowa ndi a nkhuku zanga zomwe, madzi ndi otsukira mbale ndi otsukuluzira zovala chifukwa a pampopi bilu yake simasewera. Bonongwe amamera yekha, nkhwani umayanga pampanda. Ku Zambia nkhwani ena amati chibwabwa, kholowa ndi kalembula, bonongwe ndi bondwe, ndiwo zake ndi zomwezi, kungoti iwo m'tauni ambiri akukagula pamsika pamene malo anali nawo anawaphimba okha.

Ku Mozambique ndiko kunandisokoneza mutu. Ndili ndi azakhali ku Ulongwe m'boma la Angonia, ukalowera pa Dedza sikutali, ndipo Chichewa chake ndi chomwechi kungosakaniza Chipwitikizi apa ndi apo, bwalo la pakhomo amati kintali, munda amati mashamba. Msuweni wanga kumeneko amakonza njinga zakapalasa ndi zamoto, ndinamufunsa kuti shedi umanga liti, anandiyang'ana ngati ndapenga n'kuloza mtengo wa mango. Vayisi anaimangirira pachitsa, masipanala ali m'chitini cha penti, unyolo wanjinga wapachika panthambi, dzuwa likalowa amalongedza zonse n'kulowetsa m'nyumba. Ine ndinaotcha njerwa 4,000 kuti ndipeze mthunzi umene iye anaupeza pobzala mango amodzi. Dzinja amavutika, zoona, amathawira pakhonde, koma miyezi isanu ndi iwiri yachilimwe amagwira ntchito pa mphepo yabwino pamene ine m'shedi yamalata October ndimavula malaya.

Chimene ndinasirira kwa azakhali ndi chitseko. Mlombwa weniweni, kolemera, chiswe chimangodutsa. Mtengo womwewu ku Zambia amati mukwa, ku Mozambique umbila, ndipo kwathu kuno kuti uupeze thabwa lake lenileni uchite kufunsa monong'ona kwa akalipentala a ku Mchesi, mtengo wake ukaumva ubwerera ku paini. Paini wakenso si uja wakale, Chikangawa inatha ndi moto ndi kudula, matabwa ambiri akubwera aawisi, ukakhoma tebulo lero pakutha mwezi lapindika ngati bwato.

Pobwerera ku Chipata ndinajambula chikombole cha mlamu pafoni ndi kuyeza ndi tepi, wowotcherera wina wa kwathu kuno anandipangira. Ndikufuna khola la nkhuku latsopano, lakale makoswe analiboola pansi. Thumba loyamba ndinatulutsa mabuloko 26, asanu anaphwanyika ponyamula chifukwa ndinachita ulesi kuthirira masiku awiri, mlamu pa WhatsApp akuti ndinachulutsanso mchenga. Otsalawo 21 ndawasanja pafupi ndi nthochi zija, ndipo mayi akunyumba andiuza kale kuti buloko ngakhale imodzi ikangogwera pabedi lawo la mpiru, chikombolecho akachiponya m'dzenje momwemo.